Gaga wa Nkhosa ya Apongozi

Inu, basi iyi sinyamuka msanga, kondakitala akadali kumsika uko kusaka anthu a ku Chipata. Sunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni za Steward, mnansi wanga wa kwa Kapichila, munthu amene anabwera kuno ku boma ku maphunziro a ziweto n'kubwerera kumudzi ndi chipewa chaulere, nzeru n'kuzisiya pa benchi.

Gulu la alimi la kutchalitchi kwathu limagawa nkhosa motere: amakupatsa yaikazi, ikaswa, mwana woyamba wamkazi umapereka kwa wotsatira pamzere. Steward analandira yake, inaswa kamsoti kokongola, ndipo wotsatira pamzere anali a NyaZimba, mayi a mkazi wake Faides. Apongozi ake enieni. Tsono a NyaZimbawo chikwatiwire Faides akhala akunena kuti mwana wawo anatola mwamuna wa pakamwa pokha, woti ngakhale nkhuku sangaisunge. Steward analumbira kuti tsiku lopereka kankhosako kadzakhala konenepa moti apongoziwo adzameza mawu awo anthu akuona.

Ku maphunziro kuja anawauza zinthu zomveka. Mwana wa nkhosa amabadwa chifu chake chisanayambe ntchito, amadalira mkaka. Kuti chifucho chikhwime amayenera kuyamba kubudula tiudzu ndi kulawa chakudya choonjezera pang'onopang'ono, kadzanja lero, kadzanja mawa, mpaka m'mimba muzolowere, azibzikula bwino. Anawauzanso kuti amange kakhola ka khomo laling'ono, kolowa ana okha, kuti make asamalize chakudyacho. Steward za kakhola anamva, za chakudya anamva. Pamene ankafika pa mawu akuti pang'onopang'ono, n'kuti iye ali panja, woyamba pamzere wa tiyi.

Kakholako anamangadi, ka nsungwi zaziwisi, pamwamba n'kukhomerapo lata, kenako n'kukapaka laimu. Anthu odutsa ankayesa ndi manda a munthu wolemera.

"A Amock," ankatero kwa ine atapendeketsa chipewa chija, "imwe mbuzi zanu zidya mapepala ku dzala. Ise tiweta mwa sayansi."

Ine ndinkangoti chabwino. Munthu wotere ukamutsutsa umangomuonjezera mawu.

Vuto linali lakuti milungu yonse inathera pomanga ndi poonetsa anthu, kankhosa kasanalaweko ngakhale kambewu kamodzi. Tsiku lopereka litayandikira, Steward anaganiza zobweza milungu yonse yotayikayo m'mawa umodzi. Anadzaza beseni ndi gaga, anathiramo soya wogaya, n'kuonjezera masese a mowa amene anakapempha kwa mayi wina wofulula, ati kuti kankhosa kakhale ndi chilakolako. Anakankhira kankhosako mkati, ndipo ikonso, popeza nzeru zake n'za nkhosa, kanadya osadzutsa mutu.

Masana ndinamva akundiitana.

"A Amock, bwelani muone. Kanenepa tsiku limodzi chabe."

Ndinasuzumira. Kankhosa kanali katagona pakona, mbali ya kumanzere itatupa ngati ng'oma, kakubuula, malovu ali chuchuchu. Steward anayang'ananso kachiwiri, kumwetulira kuja n'kuzima. Apa ndiye mantha anamugwira enieni, chifukwa kankhosa ka apongozi kakafera m'manja mwako, nkhani yake imakutsatira mpaka kumanda.

"Tidule nsungwi tikatulutse," ndinatero.

"Mudule chani? A gulu abwela kudzaona khola ili. Ningena nekha."

Tamverani tsono. Steward mapewa ake ndi opyapyala, koma pamimba anadalitsidwa. Anakankha nsungwi imodzi ya pakhomo, inapindika, analowetsa mutu, phewa ili, phewa linalo, kenako nsungwi ija inabwerera pamalo pake n'kumupana m'chiuno. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Pofuna kudzikoka anaterereka, nkhope yonse n'kulowa m'beseni muja. Ndinamugwira miyendo n'kukoka ndi mphamvu zanga zonse, koma chimene chinabwera ndi buluku lokha.

"Siyani ine," anatero mawu akuchokera mkati. "Thamangani ku nyumba mutenge saladi. Anakamba kuti ikatupidwa uimwetsa saladi."

Faides anali ku chigayo, ndiye botolo la mafuta ophikirawo ndinalisaka ndekha. Pobwerera ndinapeza a NyaZimba ataima pakati pa bwalo, atavala chitenje chatsopano. Anabwera tsiku lisanakwane kudzaona kankhosa kawo, ndipo chimene anapeza ndi miyendo iwiri ndi kabudula wamkati wofiira zikutuluka pakhomo la khola. Anatembenuka mwaulemu, anapita pansi pa mtengo wa mango, n'kukhala pansi atalozetsa msana ku kholako. Ine ndinatola thumba la gaga lopanda kanthu n'kumufunditsa munthu uja.

Mukudziwa mmene zilili kwathu m'mabanja osunga mwambo. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anizana m'maso, sakhudzana, ndipo mawu awo amadzera mwa munthu wina. Tsiku limenelo munthu winayo ndinali ine.

"Monire, a Amock."

"Yewo, amama."

"Afunseni atate a Natasha ngati auka bwino."

Ndinawerama pa lata paja. "Akuti mwauka bwanji?"

"Auzeni tauka makola. Nipatseni botolo."

Ndinalowetsa botolo pakati pa nsungwi. Koma moni wa apongozi sadumphidwa. Anafunsa za Natasha, mdzukulu wawo. Anafunsa za chimanga, za mvula, za chifuwa chimene chinagwira Faides mwezi watha. Ine uku ndi uku ngati njinga ya hayala, Steward akuyankha lililonse mwaulemu, dzanja lina litatsegula kankhosa kukamwa, lina likuthira saladi.

"Nanga m'khola la nkhosa achitamo chani?"

"Auzeni niona ngati chakudya chili bwino," anatero Steward.

"Akuti akulawa chakudya, amama."

"Sininakambe tero," ananong'ona mokwiya. Koma kukweza mawu apongozi ali pomwepo sakanatha, ndipo ine sindinaone kusiyana kwenikweni pakati pa mawu ake ndi anga.

A NyaZimba anangoti, "Oho."

Mkati muja Steward anali ataimika kankhosa, akukasisita kumanzere kuja, akukapempha ndi mawu a m'pemphero. Kunja kunali zii. Kenako mpweya wonse wa gaga, soya ndi masese unapeza njira. Inu, sindinamvepo phokoso lotero kuchokera m'kanthu kakang'ono choncho. Linatalika, linapuma, linayambiranso, lata lija n'kumalikuza. Nkhuku zinabalalika. Steward anadzidzimuka, thumba lija n'kugwedezeka pamene aliyense akanayembekezera kuti ligwedezeke.

A NyaZimba anakonza chitenje chawo, n'kuyang'ana masamba a mango kwa kanthawi.

"Auzeni asavutike mtima. Ise sitinamve kanthu."

"Auzeni ni nkhosa," anatero Steward.

"Akuti ndi nkhosa, amama."

"Inde," anatero a NyaZimba, ndi mawu ofatsa a munthu amene walera ana ambiri. "Ni nkhosa."

Kankhosa kanapepukidwa, kanayamba kulira kufuna make, koma pakhomo panali patatsekedwa ndi mwini sayansi. Saladi wotsala ndinamupaka m'chiuno, ndinaponda nsungwi ija, ndinakoka, munthu n'kutuluka mwakamodzi. Anaimirira atagwira thumba m'chiuno, nkhope yoyera ndi gaga mpaka m'nsidze, masese ali pachibwano, fungo la mowa lili guu. Nthawi yomweyo Faides anatulukira ndi ufa pamutu n'kuima pomwepo kukamwa kuli yasa. A NyaZimba sanatembenuke, koma diso la apongozi limaona ndi pakona, ndipo linaona zonse.

Sanadikire tsiku la gulu. Anapempha chingwe, ndinawamangira kankhosa kawo, ndipo ataimirira analankhula kwa Faides, mokweza bwino kuti aliyense pabwalo amve.

"Nkhosa aisunga, sinikana. Koma nitenga lelo, isanafe na njala muno. Ndipo iwe mwana wanga, uziwaphikila amuna ako. Wanichititsa manyazi."

Steward anatsegula pakamwa, anakumbuka mwambo, n'kutseka. Anandiyang'ana ine kuti ndimulankhulire. Ine ndinali nditatopa nawo utumiki.

Kankhosako kanatsegula m'mimba masiku angapo, koma kanachira, pano ndi nkhosa yaikulu, yaswa kale. Ndiye simunganene kuti Steward analephera. Apongozi ake samunenanso kuti sangasunge chiweto. Kungoti mpaka lero akabwera kudzacheza, asanakhale n'komwe pansi, amakokera Faides pambali n'kumufunsa ngati thumba la gaga analiika pamalo poti atate a Natasha sangafikepo.