Tsiku Limene Ndinaguba Kukana Roora

Anzanga, sekani basi, nanga ine mwiniwakene ndimadzisekanso. Inali nthawi ija intaneti itangofika kumene mu Bindura, ine ndikugwira ntchito ya magetsi kumgodi, ndikukhala ku Chiwaridzo, mtima utathawira kwa Rumbi, mtsikana wa Chishona woimba kwaya kutchalitchi kwathu. Mawu ake, abale inu! Koma ndikamuyandikira chotuluka pakamwa chinali "Maswera sei, sisi" basi, kenako liwiro.

Ndiye ndinati nzeru ndi iyi, ndikamufufuze kaye pa intaneti, ndidziwe zimene amakonda. Ndakwera kombi, ndafika mu tauni, ndakhala pa kompyuta ya mu kafe yoyenda ngati nkhalamba yodwala nyamakazi. Ndalemba dzina lake, chithunzi chayamba kutsika pang'onopang'ono, tsitsi, chipumi, maso aja, kenako manja atanyamula chikwangwani cholembedwa PASI NE ROORA, ndiye kuti malowolo athe.

Ndinadumpha pampando! Nanga si ife Achewa sitilowola? Malemu agogo ankanena kuti kwathu mwamuna amangopita chikamwini, n'kukalima munda wa apongozi. Ndinati Mulungu wayankha, mwana uyu akufuna mwamuna wa mtundu wanga ndendende. Pansi pa chithunzicho analemba kuti gulu lomenyera ufulu wa amayi lili ndi msonkhano Loweruka, ine Lachisanu malaya ndasita kale.

Ndafika mu holo, Rumbi mulibe. Ndinati mwina wachedwa, ndikhale. Kalanga ine, msonkhano umenewo! Maola atatu athunthu anthu akukangana ngati mipando iikidwe mozungulira kapena m'mizere, akuti mizere ndi kupondereza. Ndinayesa kupatsa mpando wanga mayi wina wamagalasi, anandikalipira kuti kodi ndikumuona ngati alibe miyendo? Njala ikundipotokola, ndikudzifunsa kuti ufulu wake ndi umenewu?

Kenako ndinakweza mkono, cholinga ndingofunsa ngati Rumbi abwere. Mayi wamagalasi uja, amene anali wapampando, anati, "Komuredi, imirirani, tiuzeni maganizo anu." Maso onse pa ine. Ndikanatchula bwanji dzina la mtsikana pamenepo? Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ife kwathu ku Malawi sitilipira roora!" Ine amene ku Malawi sindinapondeko, ndinabadwira pachipatala cha mgodi. Nthungululu, m'manja, wina mpaka kundikumbatira, ndipo asanatseke msonkhano anali atandisankha kutsogolera perete wa Loweruka lotsatira.

Mukuganiza kuti ndinakana? Ayi ndithu, ndinati Rumbi akandiona kutsogolo, nkhani yatha, ukwati wapsa.

Tsiku lafika, andiveka sikipa yothina mpaka mchombo panja, dzanja ili chikwangwani, linalo chimkuzamawu. Tadutsa pamsika, anzanga akumgodi ali pabotolo sitolo agwa nako kuseka, "Dalitso, wasowa ng'ombe eti?" Ine osacheuka, maso akusakasaka munthu mmodzi. Ndipo ndinamuona, waima pakhonde la sitolo, wavala diresi yachikasu, pambali pake bambo wina wachikulire wa jekete ndi chipewa. Ndinatembenuzira chimkuzamawu komweko n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse, "Pasi ne roora! Rumbi, ndili nawe!"

Rumbi anabisa nkhope m'manja. Bambo aja anavula chipewa pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana kuyambira kumchombo mpaka kuchikwangwani.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi anandikokera kuseri, maso ali psu. "Dalitso, wapenga? Aja ndi bambo anga!" Ndinayamba kufotokoza za chithunzi, anandidula. Chikwangwanicho chinali cha msuweni wake, iye anangomugwirira kuti amange nsapato, wojambula n'kujambula. "Bambo anachoka kumudzi kudzaona iweyo. Ndinawauza kuti kuli mnyamata waulemu, wofatsa, wosalankhulalankhula." Ndiye kuti nthawi yonseyi ankandifuna, ine ndikuvutika ndi kompyuta! Ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Zinanditengera zaka ziwiri, kutuma akuluakulu, kunjuta ndi kuwomba m'manja mpaka zikhatho kutupa, kuti madala aja afewe mtima. Roora ndinapereka yonse, osatsala ndi mchira womwe, ndipo Rumbi ndi mayi a kunyumba kwanga lero. Koma pa ukwati, pa maliro, paliponse pamene pasonkhana abale, apongozi amandigwira paphewa n'kulengeza mokweza, "Uyu ndiye mukwasha wemahara," kutanthauza mkamwini waulere.

Ndinalumbira, ndipo ndikulumbiranso pamaso panu: chimene ndikufuna kudziwa kwa munthu ndizimufunsa ndi pakamwa pangapa.