Nkhondo ya Nyenyezi Ziwiri ku Maddington

M'masiku amenewo, pamene chitsulo cha ku migodi chinali pa mtengo wabwino, ana athu a ku Perth akuyankha Chichewa chathu m'Chingerezi cha m'mphuno, ku Maddington kunabuka nkhondo imene akuluakulu a pa gulu lathu la WhatsApp amaikamba akupukusa mitu.

Ngwazi yake inali a Chiukepo, Chiboola-miyala, Mphamba wa Ndege ya Lolemba, amene ankakhala masabata awiri ku mgodi, imodzi kunyumba. Pamtima pawo panali filimu imodzi yakalekale ya ku Hollywood, ya wogulitsa zipewa wokonda mtsikana wa pa siteshoni, anthu oti akafuna kulankhula amangoyamba kuyimba. Anaionera koyamba ali pa chibwenzi ndi akazi awo a Ursula, ndipo ku mgodi, m'kachipinda ka malata, ndiyo inkawachotsa kusungulumwa.

Lamlungu lina anaitana mabanja, naionetsa m'galaja. Kutacha, Emelda, nesi wa ku Chipata, Mkango Wosameza Mawu, anaipatsa nyenyezi ziwiri zokha mwa zisanu pa gulu, nalemba kuti: "Ba Chiukepo, aba bantu sibasebenza? Mwamuna afuna mukazi, m'malo mokamba akwela pa tebulo kuvina."

A Chiukepo anayankha ali pa bwalo la ndege, atavala malaya achikasu a kuntchito ngati zida zankhondo. "Imvani, inu a kumadzulo kwa Mchinji. Filimu imene mukuinyozayi, olemba manyuzipepala a nthawi yake anaigwadira."

Emelda anafukula manyuzipepalawo pa intaneti. Wolemba wina anayamikiradi nyimbo, koma mnzake analemba kuti wa zipewayo amavina ngati waponda linthumbu. Pamenepo mtundu unagawikana: oyendetsa malole a ku Kewdale mbali iyi, amayi a kwaya mbali iyo, ndipo mabanja amene ankakwerana galimoto popita kutchalitchi anayamba kupita payekhapayekha.

Atabwerera kunyumba, a Chiukepo anaitana mboni yawo yomaliza.

"Mayi a Tionge, uzani dziko."

"Bambo a Tionge, ine mathero ake sindinawaonepo," anatero a Ursula. "Akangofika pa siteshoni paja, ndimagona. Ndimakhalapo chifukwa inu mumayimba nawo, ndipo kwina kulikonse simuyimba."

Chiboola-miyala anakhala pansi.

Pangano la mtendere linachitikira ku paki, pa chitofu cha ulere chootchera masoseji. A Chiukepo anavomera pamaso pa mtundu wonse kuti pakati pa filimuyo pamatalikadi. Emelda anawonjezera theka la nyenyezi, "cifukwa ca ba Ursula."

Kenaka a Ursula anafunsa: "Koma pomaliza amakwatirana?"

A Chiukepo anaimirira, dzanja pachifuwa, nayamba kuyankha moyimba. Pa ndime yachiwiri mawu anawasowa. Emelda, osatukula maso pa masoseji, anawamalizira mzere wonse.