Njinga ya a Reinford Inkakwera Ife

Ku Barking kuno kunalibe Mmalawi wosadziwa kuti a Reinford ali ndi njinga yamoto imene sinapondepo msewu wa London. Njinga zina anthu amazikwera, koma iyi ndi imene inkakwera anthu. Ndikunena zimene ndikuzidziwa, chifukwa mpaka lero msana wanga umalira ndikamavala sokosi.

Anali bambo wathupi, wa imvi m'mbalimu, woyeza anthu maso m'sitolo ina ya magalasi ku Ilford. Ana atakula n'kuchoka pakhomo, matenda a njinga anawagwira. Anagula chinjinga chofiira, cholemera ngati ng'ombe, n'kulembetsa maphunziro ochikwerera. Koma zoti achiyendetse mumsewu, anakanitsitsa. "Mabasi a kuno alibe mwambo," ankatero. Malo awo anali bwalo la mpikisano kunja kwa tauni, kumene masiku ena amalola anthu wamba kukathamangitsa njinga zawo. Ndiye chinjingacho chinkayenera kupita kumeneko pa vani yobwereka.

Anthu ena onse amakhala ndi rampu, chitsulo chotsetsereka chokankhirapo njinga kuti ilowe m'vani. A Reinford anali ndi ife atatu: ine, Vitu woyendetsa basi, ndi Bwalya, namwino wa ku Zambia wapakamwa posatseka. Lachisanu foni inkalira.

"Achimwene, mawa ndi track day, tikupita kubwalo. Mlamu wanu wakanda kale ufa wa mandasi."

Mukanayankha chiyani inuyo? Munthu amene anakulandira pa bwalo la ndege, n'kukugoneka pa sofa yake mpaka utapeza kachipinda, sungamuuze kuti uli bize. Tinkangopita ngati mbuzi zokokedwa pa chingwe.

"Nyamulani ndi miyendo, osati ndi msana!" ankalamula ali chiimire, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ba Reinford, manje imwe munyamula na chani?" Bwalya ankafunsa, mitsempha ya m'khosi ili gwa.

"Ine ndasenza udindo."

"Akulu, rampu mutaitanitsa online, mawa lomwe ifika pakhomo," Vitu anachonderera tsiku lina, atapanidwa chala ndi tayala.

"Tsiku limene ndidzapitirire munthu mmodzi pabwalo paja, rampu ndidzagula. Mwamuna sadzipatsa mphoto ntchito asanagwire."

Kuyambira pamenepo tinasanduka ochemerera awo, osati chifukwa chokonda masewero, koma chifukwa cha misana yathu.

M'kalasi anali katswiri. Mphunzitsi wawo, mayi wachizungu wa mawu ngati msilikali, akamafotokoza kuti pokhota munthu azipendekeka mpaka bondo liyandikire phula, iwo ankagwedeza mutu kuposa aliyense. Akangolowa m'bwalo, zonse zinkatsala m'kalasi momwemo. Ankakhala njo, msana woongoka, ngati wakabaza amene wanyamula apongozi ake. Akamva njinga ikulira kumbuyo, ankapatukira m'mbali n'kuikodola ndi dzanja kuti idutse. Ife kuseri kwa mpanda tinkakuwa mpaka kusasa mawu: "Thiranimo moto, akulu!" Iwo ankaganiza kuti tikuwapatsa moni, ndipo ankatibayibitsa.

Mwayi wathu unabwera Loweruka lina. Kunafika mdala wina wachizungu ndi kanjinga kotsokomola utsi, woyenda pang'onopang'ono kuposa iwo. Tinaona ndi maso athu chinjinga chofiira chikumuyandikira. Vitu anandigwira mkono mpaka kundilowetsa zikhadabo. Bwalya, amene kutchalitchi amangopita pa maukwati, anayamba kupemphera mokweza. Kutatsala pang'ono chabe, mdala uja anaphonya pokhota n'kugwera m'timiyala ta m'mbali, fumbi koboo.

Lamulo la kumeneko aliyense amauzidwa m'mawa: mnzako akagwa, usaime, alipo anthu a mbendera amene ntchito yawo ndi imeneyo.

"Dutsani! Dutsani, tiwerengera yomweyo!" tinakuwa.

A Reinford anaima. Anagoneka njinga pa udzu, anavula helemeti, n'kuyenda mwaulemu kukamugwira mdalayo dzanja ndi kumusasa fumbi. Mbendera zofiira zinakwera paliponse, njinga zonse zinaimitsidwa, ndipo mphunzitsi uja anabwera akuthamanga, nkhope ili psuu. Anawakalipira Chingerezi chimene sitinaphunzire kusukulu. Iwo anadikira kuti amalize.

"Madam, kwathu munthu akagwa sitimulambalala."

Tsiku limenelo anatibweza dzuwa likadali pamutu.

"Koma mwamupitilila, ba Reinford, tinaona tonse!" Bwalya analimbikira tili pa vani.

"Wogwa sapitiriridwa, mphwanga. Amadzutsidwa. Gwirani kumbuyoko."

Tinanyamula, tikutukwana chamumtima.

Chaka chathachi foni ya Lachisanu inayamba kudumpha masabata, kenako inangoti zii. Tinamva kuti akudwala. Titapita kukawaona kuchipatala, tinapeza thupi lija latha, magalasi akuwakhwepa pamphuno. Bwalya, amene ntchito yake ndi yomweyo, anangoyang'ana mapaipi amene anawalumikiza m'thupi n'kutembenukira kuzenera. Tinali titabweretsa zipatso zimene sakanatha kudya. Panalibe choti tigwire, panalibe choti tinyamule.

"Mwakhaliranji ngati pamaliro?" anatifunsa ndi kamawu kotsalira. "Ndikatuluka muno, mdala uja ndikamupitirira. Konzani misana."

Tinaseka, chifukwa china chochita panalibe. Sanatuluke. Tsiku loika maliro, bokosi lawo tinalinyamula ndife tomwe, ndipo linapepuka moti ndinapsa mtima. Ndinkafuna lindipweteke.

Patapita miyezi, mlamu wathu a Etta anatiitana kuti papezeka wogula njinga, tikaikweze komaliza. Tikusuntha makatoni m'galaja, Vitu anakoka chinsalu chimene chinaphimba chinthu kukhoma. Inali rampu, yatsopano, ikadali m'pulasitiki mwake, akangaude atamangapo nyumba.

"Mlamu, ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

A Etta anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Anagula tsiku limodzi ndi njingayo. Ankati, 'Etta, anyamatawa akangoiona, Loweruka tiyi ndizimwa ndi ndani? Kuno munthu sabwera kwa mnzake popanda ntchito.'"

Tonse tinayang'ana chitsulocho.

"Mdala wa nkhanza uyu," Bwalya anatero, misozi ikutsika mpaka kuchibwano. Anatola chinsalu chija n'kuphimbanso rampuyo. Njinga tinaikweza ndi manja, popanda wotiuza kuti tinyamule ndi miyendo.

Masiku ano Loweruka ndi langa lonse. Ndimadzuka nthawi imene ndafuna, ndimamwa tiyi ndekha, ndikumva sitima zikudutsa kuseri kwa nyumba. Ndimawasowa a Reinford, ndipo sindibisa. Vitu ndi Bwalya amakhala pafupi pomwepa, koma chikwezereni njinga ija sitinaonanenso. Tonse tili bize.