Wotchi ya Pakhosi ya a Timoteo

Ku Chiwanga kuno, mukafunsa mwana aliyense kuti theka la mphindi limatalika bwanji, sayang'ana pa foni ayi, amangokuyimbirani. Matenda amenewa anatisiyira ndi malemu a Timoteo, mista, ndiye kuti kochi, wa timu yathu ya mpira, munthu amene sanavalepo wotchi chibadwire chifukwa amati Mulungu anawayikira kale ina pakhosi.

Anali ndi ndime imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi imene anaiphunzira ali mnyamata m'kwaya ya ku Msumba, ndipo ankalumbira kuti kuchokera pa liwu loyamba mpaka pa ameni ndi masegundu trinta, makumi atatu ndendende. Ndi ndime imeneyo ankayeza chilichonse. Dzira la mkazi wawo, a Joaquina, linkapsa pa ndime khumi ndi zinayi. Ulaliki wa apadiri ankauyeza chamumtima, milomo ikungogwedera, ndipo potuluka ankawagwira chanza mwaulemu n'kuwauza kuti lero mwapitirira ndi ndime zisanu ndi imodzi. Tsiku lina galu anathamangitsa Zakariya, wapagolo wathu. A Timoteo, m'malo motola mwala, anayamba kuyimba. Zakariya atakwera mumtengo wa mango, iwo anaima pansi pake n'kumuuza kuti sanathamangepo bwino chotere, ndipo anafunsa mwini galuyo ngati angabwere nayenso Lachinayi.

Mukawauza za foni ankangoseka. "Foni imatha moto, wotchi imamwa madzi. Khosi langali munalionapo lili pa chaja?"

Umista palibe anawapatsa. Anali msodzi wa chilimira, sukulu analekezera kwarta, kalasi yachinayi, ndipo phewa litayamba kukana ukonde anakhala kaye pamtunda. Pa msika wa ku Metangula anapeza buku lachipwitikizi la maphunziro olimbitsa thupi, lopanda chikuto, masamba ena mayi wogulitsa atakulungira kale mandasi. Analiwerenga chaka chathunthu, chala chikuyenda pansi pa mawu. Anyamata a timu mpaka lero amati mutu wonena za kupuma ndi umene unapita ndi mandasi.

A Timoteo anatolera zitini za mafuta ophikira, n'kuzidzaza simenti kuti anyamata azinyamula. Chitini chilichonse chinali ndi dzina. Cholemera kuposa zonse chinali Apongozi, chifukwa amenewo umawanyamula osadandaula.

M'mawa uliwonse, mabwato akangofika ndi usipa, timu inkalowa m'madzi olekeza m'chiuno n'kuthamanga kuchokera pamwala waukulu mpaka kumabango, kupita ndi kubwera. Potuluka ankapuma pang'ono, kenaka n'kuima pamzere, zala ziwiri pakhosi. A Timoteo ankayimba ndime yawo, aliyense akuwerenga kugunda kwa mtima wake, ndipo pa ameni ankatchula nambala mmodzimmodzi, iwo akulemba m'kaderno, kope lachikuto chobiriwira. Lamulo linali limodzi. Amene mtima wake wagunda kupitirira sesenta, ndiye kuti makumi asanu ndi limodzi, sanakhwime. Abwerere m'madzi, Apongozi ali paphewa.

Tsono panali Lázaro, womwetsa zigoli, mnyamata wa miyendo yachangu koma wodana ndi Apongozi ngati mphere. Mmawa wina anawerenga mpaka setenta e dois, makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Anayang'ana chitini chija chili phee pamchenga, anayang'ana madzi, ndipo pakamwa panatuluka zina.

"Sinkwenta e oyitu, Mista."

Pomva makumi asanu kudza zisanu ndi zitatu, a Timoteo anakweza mutu, nkhope ili ngwee, n'kuuza anzake onse kuti aone mmene mtima umamverera ukaphunzitsidwa. Anzakewo anaonadi. Pasanathe sabata, panalibenso mtima wopitirira sesenta ku Chiwanga konse, ndipo Apongozi anayamba kumera ndere.

Lázaro ankaganiza kuti ndi bodza laling'ono, longa kubisa nsomba imodzi m'thumba. Sanadziwe kuti kadernolo lili ndi ulendo.

Mwezi womwewo kunabwera mayi wina wa ku Lichinga, dona Cláudia, amene amaphunzitsa makochi. Anagona pa kanyumba ka alendo ka m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'mawa anadzutsidwa ndi nyimbo. Anaima nthawi yaitali akuonerera anyamata akulimbana ndi madzi. Kenaka anauza a Timoteo kuti mu Ogasiti kuli kurso ya makochi, yopatsa dipuloma. Amalandira okhawo amene anatsiriza desima, kalasi yakhumi, koma munthu wobwera ndi kafukufuku wakewake, wolembedwa mwadongosolo miyezi ingapo, angathe kumumenyera nkhondo kuti alowe.

Kuchokera tsiku limenelo a Timoteo sankayendanso ngati anthu ena. Kaderno analisokera kathumba ka nsalu. Pakhoma la nyumba yawo anakhomeratu msomali, pakati pa kalendala ndi mtanda, ndipo mlendo aliyense ankauzidwa kuti pamenepo ndi pa dipuloma.

Zakariya, amene mtima wake ndi wofewa ngati papaya, anauza anzake kuti abwerere ku zoona nthawi ikadalipo. Lázaro ndiye anakana. Anati munthu amene dzulo anali pa sinkwenta akatchula setenta lero, Mista aganiza kuti timu yonse yadwala, kapena kuti njira yawo yalephera, ndipo adzabweretsa Apongozi awiri. Komanso a Timoteo ankasangalala kwambiri nambala ikatsika, mwakuti kuwapatsa ya dzulo yomweyo kunkaoneka ngati kuwamana chakudya. Ndiye nambala zinapitiriza kutsika. Kwarenta. Trinta. Wina akatchula vinti e sinku, mnzake ankachita manyazi kutsalira, n'kutchula vinti e tresi. Lázaro, poti anali woyambitsa, sakanalola kupitiridwa. Pofika nyengo ya mwera anali pa dozi, kugunda khumi ndi kuwiri kokha pa ndime yonse.

A Timoteo ankamuyang'ana ngati munthu amene wakola chambo chagolide. Analengeza kuti ku Lichinga sapita okha, apita ndi umboni woyenda ndi miyendo.

Shapa, minibasi ya kuno, inakwera phiri kudutsa ku Maniamba, kukuzizira kobaya m'mafupa. A Timoteo anavala jekete lobwereka, kathumba ka kaderno kali pamtima. Lázaro anakhala pambali pawo, ndipo pa khona lililonse ankadziuza kuti anena pa khona lotsatira. Makhona anatha.

Dona Cláudia anawalandira pabwalo la masewera, makochi ena achinyamata atazungulira. Anatsegula kadernolo, n'kuyamikira mizere yowongoka ndi masiku osadumpha ngakhale limodzi. Atafika kumasamba akumapeto anasiya kumwetulira.

"Bambo Timoteo, dozi pa theka la mphindi? Mtima wotere ndi wa ng'ona yowothera dzuwa. Munthu akafika pamenepa timayamba kuitana abale."

"N'chifukwa chake ndabwera naye, kuti mudzionere nokha."

Anamuthamangitsa Lázaro kuzungulira bwalo kawiri, n'kumupumitsa pang'ono. Dona Cláudia anamugwira pamkono, maso ali pa wotchi yake. Setenta e sinku. Anabwereza. Setenta e dois.

Wina mwa makochi aja anatsokomola pofuna kubisa phwete. A Timoteo anayang'ana Lázaro. Sanamuyang'ane mwaukali, anangomuyang'ana basi, monga mmene munthu amayang'anira bwato limene likuchedwa kufika. Lázaro anamva mawu atafika pakhosi, pamalo pomwe paja amayika zala. Anayang'ana nsapato zake.

"Mwanayu alibe mlandu, dona Cláudia," anatero a Timoteo. "Ndi ine. Ndakula, mpweya wachepa, ndiye ndimathamangitsa nyimbo kuti ndikafike msanga pa ameni."

Mayiyo anawabwezera kadernolo ndi manja awiri. Anati nambala zimenezi sangapite nazo kwa akuluakulu, koma akayambirenso ndi wotchi, adzabwere chaka chamawa. Pobwerera, shapa itaima ku Maniamba, a Timoteo anagula chimanga chowotcha n'kumupatsa Lázaro chonse. Anati adye, poti wathamanga m'dziko lozizira. Lázaro amati chimanga chimenecho chikadali pakhosi mpaka lero.

Atabwerako a Timoteo analeka kuyimba. Anayamba kubwereka foni ya a Joaquina, n'kuikulunga m'pulasitiki, ndipo nthawi ankaiyamba ndi kuitseka ndi likhweru. Lamulo la Apongozi analichotsa, nambala osalembanso, amati akudikira kugula kaderno latsopano. Kutchalitchi ankangotsegula buku la nyimbo n'kukhala chete. Apadiri anatalikitsa ulaliki dala Lamulungu lina kuti aone ngati angadzudzulidwe, koma anangopatsidwa chanza. Mazira a a Joaquina ankatuluka mwina amadzimadzi, mwina olimba ngati mwala. Msomali uja unatsala pakhoma, ndipo palibe anayerekeza kupachikapo chipewa.

Lázaro anapita kunyumba kwawo katatu kuti akaulule. Ulendo woyamba anapeza akufolera denga, n'kuthera tsiku lonse akuponya udzu. Ulendo wachiwiri anapeza alendo. Ulendo wachitatu anawapeza okha akusoka mpira, ndipo analimba mtima.

"Mista, za ku Lichinga zija..."

"Kumazizira, eti? Wongola msana ukamayankhula, mapapo asapanikizike."

Anawongola msana, n'kutsanzika. Anati adzanena mvula ikatha. Mu Febuluwale a Timoteo anadwala chifuwa masiku anayi okha, n'kupita.

M'mawa wa tsiku la maliro, Zakariya anakokera Lázaro kuseri kwa thandala la usipa n'kumuonetsa foni. Munali timavidiyo timene ankajambula mobisa kuti aziseka Mista akamayimba, mtsempha wa pakhosi uli njo. Zakariya sanafune kuti aone nkhope, koma tinambala ta pansi. Koyamba, masegundu trinta. Kachiwiri, trinta. Kena anajambula kutatsala sabata imodzi kuti apite ku Lichinga, trinta.

A Joaquina anali chapafupi akutsuka mbale za anthu a pamaliro, ndipo anamva mawu a mwamuna wawo akutuluka m'foni. Anapukuta manja pachitenje n'kuyandikira. Anawauza kuti tsiku limene anabwera kuchokera ku Lichinga, a Timoteo anawagwiritsa foni kuseri kwa nyumba n'kuyimba katatu, ndipo katatu konse inakwana trinta.

"Ndiye analekeranji kuyimba, amayi?" anafunsa Zakariya.

A Joaquina anayang'ana Lázaro. "Akanayimba pagulu foni ili m'manja, mudzi wonse ukanadziwa amene ananama."

Kwathu kuno bokosi salinyamula anthu omwewo njira yonse. Amuna amalandizana pafupipafupi, aliyense aikepo phewa lake. Koma tsiku limenelo, kuchokera ku Chiwanga mpaka kumanda a ku Msumba, anyamata asanu ndi mmodzi a timu anakana kulandiridwa. Akuluakulu anadandaula, ena anayesa kulowetsa phewa mokakamiza, koma Lázaro, amene anali kutsogolo, ankangopukusa mutu. Msewu unali wamatope, dzuwa la pakati pa mvula likuswa mtengo, ndipo palibe mwendo unagwedera. Pamenepo m'pamene anthu anaona kuti zija za m'madzi sizinali misala. Njira ya a Timoteo inkagwira ntchito ndithu, ndipo nambala zoona zikanawafikitsa pa msomali uja.

Atatsitsa bokosi, Lázaro anayika zala ziwiri pakhosi. Anzake anachita chimodzimodzi. Zakariya anatsegula foni, ndipo a Timoteo anayimba ndime yawo pamaliro awo omwe. Apadiri anadikira. Pa ameni, Lázaro anatchula nambala yake yoona, makumi asanu ndi atatu kudza imodzi, mokweza kuti ndi akumbuyo omwe amve.

"Oyitenta e um, Mista. Zija za m'kaderno ndinayambitsa ndine. Nyimbo yanu sinathamangepo."

A Joaquina okha ndiwo anagwedeza mutu kamodzi, n'kuuza apadiri kuti apitirize.

Masiku ano ku Chiwanga m'mawa kumacha mwa ulesi. Mabwato amafika, amayi amayanika usipa, koma pamakhala kampata kena m'makutu, ngati wailesi yatha mabatire nkhani zili mkati. Agalu amathamangitsa anthu popanda wowayeza. Ulaliki umatalika mmene ukufunira.

Timu ikadalowabe m'madzi. Foni ya Zakariya amaipachika pamtengo m'kapulasitiki, ndipo tsiku limene yatha moto anyamata amayang'anana n'kukumbukira funso lija la chaja. Kaderno latsopano akulemba ndi Lázaro, amene desima anatsiriza, ndipo akuti mu Ogasiti akwera nalo phiri, dzina la pachikuto likhala la a Timoteo. Nambala zake n'zonyansa kuziona, masetenta okhaokha, zina zimakwera m'malo motsika. Lamulo la sesenta palibe analibwezeretsa. Koma mukadutsa pagombe m'mawa anzake atatuluka kale m'madzi, mudzaona munthu mmodzi akubwerera yekha kumabango, Apongozi ali paphewa, osadandaula.