Digiri Yanga Ili m'Kabati ya Fakitale ya Sopo

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Mgwirizano wa Mayunivesite ndi Makampani,

Bwana,

Pepani kuti munthu wamba ngati ine ndikukudyerani nthawi. Ndine mmodzi wa ophunzira khumi aja munajambulitsa nawo zaka zisanu zapitazo, tsiku lomwe munalengeza kuti maphunziro a digiri ya PhD achoke m'mabuku alowe m'mafakitale. Pachithunzipo ndine wa kumapeto uja, wooneka phewa lokha. Munanditumiza ku fakitale ya sopo kukafufuza madzi otuluka kuseri kwa mpanda. Lero ndati ndithokoze.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa ntchito zamanja. Chaka chonse choyamba a manijala ankati chipinda choyezera chikukonzedwa, choncho ndinkafotokopa mapepala ndi kupanga tiyi. Kukabwera alendo ankandiveka chovala choyera n'kundiimika pambali pa makina akufa kuti ndizimwetulira. Pano ndimamwetulira ngakhale dzino likuwawa.

Chachiwiri, zikomo pondipatsa mabwana awiri. A pulofesa amati za kufakitale ndikafunse a manijala. A manijala amati za sukulu ndikafunse a pulofesa. Awiriwa sadziwana ndi nkhope yomwe. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Ine ndavumbwa mpaka m'mafupa.

Chachitatu ndi chachitali, mundipirire. Nditatopa n'kudikira, ndinatola mabotolo n'kuyeza madziwo kwa miyezi khumi ndi inayi. Madziwo amathera mumtsinje momwe amayi a kuseri kwa fakitale amachapa. Mmodzi wa iwo, amene amadyetsa ana ake pochapira anthu zovala, anandionetsa manja ake osupuka ngati apsa ndi moto, nandifunsa kuti, "Achemwali, mukalemba m'buku lanulo, asiya?" Ndinati inde. Mpaka lero ndikamuona ndimakhota njira.

A manijala atawerenga lipoti langa anandigwira chanza, nati ndine mtsikana wanzeru. Kenako analitsekera m'kabati n'kundikumbutsa pepala lomwe ofesi yanu inatisainitsa, loti chilichonse chopezeka m'fakitale ndi chinsinsi cha kampani. A pulofesa nawo akuti popanda kusindikiza zomwe ndapeza, digiri ndiiwale. Ndabwera ku ofesi kwanu katatu, ndipo katatu konse a sekilitale anu anati muli kumsonkhano wokambirana za kupambana kwa mgwirizanowu. Ndinabwerera ndikukondwa kuti zinthu zikuyenda.

Kunyumba amuna anga anasiya kufunsa. Apongozi anga amauza anzawo kuti mkamwana wawo akuphunzira kutakasa thovu. Mwana amene ndinayamba maphunzirowa akuyamwa, pano wayamba sukulu, ndipo mmene zikuonekera andipitirira.

Sindikupempha kiyi wa kabati ayi, bwana, malire anga ndimawadziwa. A manijala akuti ndikangolemba kuti madziwo ndi abwino, zonse zitheka mawa lomwe. Ndavomera. Pempho langa ndi laling'ono. Ndamva kuti mwezi wamawa muli ndi phwando lolandira ophunzira ena makumi awiri. Mundilole ndidzatumikire pa tebulo la akuluakulu. Ndidzabwera ndi beseni, thaulo ndi chigubu cha madzi a mumtsinje uja, inu ndi a manijala mudzasambe m'manja musanadye. Mukatha kudya manja anu ali bwinobwino, ndidzasaina pomwepo.

Ine wanu wodzichepetsa,

Wophunzira wa chaka chachisanu m'maphunziro a zaka zitatu