Kaputeni Tafi ndi Ndege Yapachingwe

"Ine ndege ndimaidziwa ngati mmene mayi amadziwira kulira kwa mwana wake," anatero Tafirenyika akugogoda botolo patebulo. "Ikangotsokomola kumwambaku, ine ndili pansi pano ndikhoza kukuuzani bawuti imene yamasuka."

Linali Loweruka masana, chaka cha 2006, kuseri kwa babashopu ina, malo ometera tsitsi, ku Peckham, komwe mwini wake ankagulitsa mowa kwa anthu okhawo owadziwa nkhope. Omvera anali awiri. Woyamba anali Fidelis wa ku Chipata, woyendetsa takisi, amene anzake ankamutcha Satinavu, dzina la kachipangizo kolozera njira, poti sanafikepo pamalo asanayambe wasochera. Winayo anali Simba, mlonda wa pakhomo la malo ovinira ku Barking, dzina la ntchito Fuliji: wamkulu, wozizira, ndipo mkati munali zakudya zokhazokha.

Onse awiri ankadziwa kuti kubwalo la ndege la Heathrow Tafi amalowadi m'ndege tsiku ndi tsiku, koma amalowa anthu atatuluka, ndowa kudzanja. Komabe ankamutcha Kaputeni, chifukwa mowa ankagula ndi iyeyo.

Vuto linali Muchaneta, namwino wa ku Croydon, woimba kwaya, mtsikana woti akaseka Tafi ankaiwala siteshoni yotsikira. Tsiku limene anakumana, Tafi anali atavala malaya oyera a mizere paphewa, ogula m'shopu ya zovala zakale, ndipo atafunsidwa za ntchito anangoti, "Ndili kumbali ya ndege." Bodza likapeza womvetsera limanenepa. Pofika Isitala anali pailoti. Pofika Juni anali ndi ndege yakeyake. Tsopano kunabwera Tete Edna kuchokera kwawo ku Kadoma, azakhali ake a Mucha, kudzaona mkamwiniyo nkhani za ukwati zisanayambe. Mayiwo mawu awo anali ochepa. "Kwathu munthu akati ali ndi ng'ombe timapita kukhola. Ndiione ndegeyo ndisanabwerere Lachitatu, apo ayi mwana wanga sapita."

Mwa zonse zimene Tafi analankhulapo ku London, choona chinali chimodzi: iye ankamukondadi Muchayo.

"Ndeke iliko, mudala," anatero Fidelis atatsitsa mawu. "Kuli kamudala kena kazungu, Killian. Nimakapeleka ku ma field kuseri kwa New Addington. Kanapanga keka mu garaji, zaka na zaka. Mapaipi, nsalu, na injini monga ya jenereta. Mukazi wake anamuuza ati sankha, ine olo ndeke."

"Ndiye anasankha chiyani?" anafunsa Simba.

"Iwe Fuliji, nakamba ati ndeke iliko."

Mapulani anapsa botolo lachitatu lisanathe. Lamulungu masana Killian amakadya kwa mlongo wake, ndiye kumundako kumakhala zii. Fidelis abwereka vani yonyamula mipando ya kutchalitchi kwawo. Apinda mapiko, akweza ndege, akaiimika pabwalo lina ku Barking, Tete aiona Lolemba, kenako Satinavu ndi Fuliji aigulitsa n'kugawana. Zida zinali sipanala imodzi, hamala, ndi majekete achikasu onyezimira aja a anthu okonza misewu.

"Jekete imeneyi ndi mankhwala," anafotokoza Kaputeni. "Ku London kuno ukaivala, ngakhale utasenza Big Ben pamutu, wapolisi amakuimitsira magalimoto kuti uwoloke."

"Nanga Tete akati muulutse?"

"Ndinena kuti nyengo sili bwino. Kuno nyengo inakhalapo bwino liti?"

Anawombanitsa mabotolo, aliyense akudabwa kuti nzeru zoterezi zinkachita chiyani nthawi yonseyi pa ntchito za maola.

Lamulungu Satinavu anachita zake. Anawaonetsa Bromley kawiri, n'kudutsa pamanda amodzimodzi mpaka Simba anayamba kuvula chipewa. Atafika kumunda kuja anapeza geti lomanga ndi tcheni. Fidelis anati abwerere cham'mbuyo kuti vani iyang'ane kumsewu, monga mbava zanzeru zimachitira, ndipo mateyala akumbuyo anakalowa bwinobwino m'ngalande yamatope.

"Tizaichosa manje manje," anatero. "Tiyeni ku ndeke."

Analumpha geti. Ndege inali chapakati pa munda, itafunditsidwa lona. Atavundukula, Tafi anasuzumira pansi pa lona kufuna ndege yotsalayo. Iye ankayembekeza chitseko, mawindo, mwinanso kakapeti. Chimene anaona chinali ngati wilibala yomera mapiko: kampando kamodzi pamtetete, timateyala titatu, mawaya paliponse, injini kumsana ndi chopukusa mphepo chathabwa. Phiko lililonse linali lomangidwa ndi chingwe ku chikhomo chachitsulo chopotera m'nthaka, kuti mphepo isaitenge. Komatu inali yosamalika. Bawuti iliyonse inali yopukuta, nsalu yosokedwa mwaudongo ngati diresi la mkwatibwi.

"Mapiko amapinda pati, Kaputeni?" anafunsa Simba, hamala kudzanja.

Tafi anazungulira ndege ija manja kumbuyo, akung'ung'udza ngati dokotala. Asanapeze bodza loyenera, pageti panaima kagalimoto kofiira. Munatuluka Muchaneta, kenako Tete Edna, atavala yunifomu ya amayi a mvano, chikwama m'khwapa.

Fidelis anayang'ana geti, n'kuyang'ana Tafi. "Mudala, mwaitana mboni ku nchito ya kuba?"

"Si mboni, ndi alendo," ananong'ona Tafi. Usiku wathawo anaganiza kuti ndege yooneka m'munda mwake imakhulupirika kuposa ndege yoima pakati pa mabini ku Barking, ndiye anamulembera Mucha uthenga kuti akaweruka kutchalitchi adzere kumeneko. Akanaona, kujambula, n'kumapita, ntchito n'kupitirira. "Ukanapanda kutisocheretsa, bwenzi ndakonzeka kale."

"Masikati, mkamwini," anapereka moni wakwawo Tete ali kuseri kwa geti. "Ndi imeneyo? Bweretsani kuno. Nsapato izi n'za tchalitchi, sizilowa m'matope."

"Tiikankha ifike pomwepo, Tete."

"Kukankha? Yafa?"

Mucha anaseka, kuseka kuja. "Tete, musamunyoze. Tafi, ingoliza ubwere nayo."

Pamenepo munthu wanzeru akanadwala mutu. Tafi anakonza kolala, n'kukwera. Anadziuza kuti sauluka, angoyenda pansi pang'ono, ndipo choyenda pansi chilichonse ndi galimoto. Simba anamumanga malamba onse anayi, kukoka mpaka Kaputeni analira m'mphuno.

"Tamverani," anatero Tafi mokweza kuti akugeti amve. "Satinavu, masula chingwe chakumanzere, ukalize injini. Fuliji, chakumanja. Ndipo kaputeni akakhala pampando salankhulidwa. Ndi lamulo la dziko lonse lapansi. Kuyambira pano zonse ndi zizindikiro za manja."

Fidelis anamasula chake. Simba anagwada pa chake n'kupeza mfundo imene Killian anaiphunzira kwa amalinyero. Zala za Simba zinali ngati chinangwa. Anakanda, analuma, anatukwana chamumtima, mfundo osasuntha. Kulankhula kunali koletsedwa, ndiye anachita zimene anaphunzira ku Grade One: anaimika dzanja.

Tafi anaona dzanjalo, n'kuyankha ndi chala chachikulu m'mwamba. Simba analeredwa bwino, sakanasiya moni wa bwana wosayankha. Nayenso anaimika chala chachikulu.

Kumbuyo Fidelis, ataona zala ziwirizo, anati zonse zakonzeka. Anapeza timaswichi tiwiri kuseri kwa mutu wa Kaputeni, n'kutitukula, monga ankachitira ndi jenereta ya malume ake. Tafi naye anaona kachitsulo pambali pa ntchafu, anati kameneka ndi handibuleki, n'kukakankhira kutsogolo mpaka kumapeto. Kanali ka moto. Fidelis anakoka chingwe cholizira.

Injini inakuwa ngati nkhumba yaona mpeni. Chipewa cha Kaputeni chinalowa m'chopukusa mphepo n'kutulukira mbali inayo chili nthenga. Ndege inadumphira kutsogolo, chingwe chakumanja chinati gwa, ndipo kandege ka Killian kanayamba kuzungulira chikhomo chija ngati mbuzi yolumidwa ndi mavu.

Fidelis anathawa ndege ikumutsata kumbuyo, analumpha geti osaligwira, n'kudzitsekera m'vani. Anaponda moto, mateyala akungokumba manda awo. Simba anadzigwetsa pomwe anali, n'kukumbatira chikhomo, maso atatseka. Chikhomocho chikanazuka ndithu, ndege n'kukathera mu mpanda, nkhani n'kutha msanga. Koma Fuliji anali atachigonera.

"Ikutani?" anafunsa Tete.

"Ikutenthetsa thupi," anatero Mucha. "Ndikhulupirira amatero asananyamuke."

Pampando paja Tafi anali ataponda chopondeka chilichonse. Anakoka ndodo yowongolera, mchira unavina. Anafuna kubweza kachitsulo kaja, koma pamene ankagwedezeka jekete yachikasu inali itakakola n'kukaphimba, dzanja linkangogwira nsalu. Anafuna kudumpha, malamba a Simba anakana. Dziko linkadutsa motsatana: mpanda, shedi, geti, Mucha, mpanda, shedi, geti, Mucha. Akafika pa Mucha ankayesa kumwetulira n'kukweza dzanja ngati munthu amene zonse zikumuyendera.

Namwino sapusitsidwa ndi kumwetulira. Mucha anaona nkhope ija ikusanduka phulusa, n'kutulutsa Nokia yake.

"Sisi, osatuma foni," anakuwa Fidelis pawindo la vani. "Ni vintu ving'ono."

"Musadandaule achimwene, akubwera," anatero Mucha. Anapereka malo, dzina lonse la pailoti, adiresi yake ya ku Peckham, chilembo ndi chilembo, mwadongosolo ngati akupereka lipoti la wodwala.

Kunabwera apolisi, kenako galimoto ya ozimitsa moto, kenako Killian mwini wake, kankhalamba kazungu panjinga, kansalu kodyera kadakali pakhosi. Mlimi wa pafupi anali atakaimbira. Kanatsegula geti ndi kiyi, onse n'kulowa. Tete anavula nsapato za tchalitchi n'kuziika m'chikwama. "Izi si zomva kwa anthu," anatero, akuponda matope.

"Ndege ndi ya ndani?" anafunsa wapolisi wamkazi, amene anali atatulutsa kale Fidelis m'vani.

"Ndi ya chibwenzi changa," anayankha Mucha. "Ndi pailoti."

Killian anamuyang'ana mwachifundo. M'Chingerezi chake chodekha anafotokoza kuti palibe bawuti pa ndege ija imene sanaimange ndi manja ake, kuti nsalu ya mapiko anaisoka patebulo lodyera, ndipo kuti mafuta anathira odzaza m'mawa womwewo, okwanira kuzungulira mpaka dzuwa kulowa.

"Ndiye tiuzeni pozimitsira, bambo," anatero wapolisi.

"Mwati ndi pailoti?" Killian anapinda manja. "Pailoti saliza chinthu asanaone pozimitsira. Ndikamuuza ndimunyoza."

Wapolisiyo anaganiza pang'ono, ndipo zikuoneka kuti Lamulungu lake linali losasangalatsa kufikira nthawi imeneyo. Anatenga chimkuzamawu. "Bambo muli m'ndegemo, mwini wake akuti ngati ndinu pailoti muzimitse nokha. Ngati si inu pailoti, nenani, akuuzani."

Tafi anamva. Apa tiyenera kumupatsa ulemu wake, pakuti anapirira. Anadutsa pamaso pa Mucha atatseka pakamwa, anadutsanso, anadutsanso. Ankadziwa kuti mawu amenewo akangotuluka, kwaya yonse ya ku Croydon imva dzuwa lisanalowe, ndipo kuseka kuja sadzakumvanso. Koma mitengo inali itasanduka mzere umodzi wobiriwira, ndipo pansi Simba anali atayamba kuimba nyimbo ya maliro.

Ndege inabwera kuloza gulu lija.

"Mucha," anakuwa Tafi, mphepo n'kumutenga kupita naye kumpanda.

Onse anatembenuza mitu kumutsatira, n'kudikira.

"Sindine..."

Mpanda, shedi, geti.

"...pailoti."

Mucha anagwira pakamwa. Killian anamasula manja, n'kutambasula dzanja kuti alandire chimkuzamawu. Koma Tete Edna anafika msanga. Anamugwira mkono mzunguyo mwaulemu, monga amagwirira wapampando wa msonkhano akafuna kutseka mfundo isanathe.

"Wait small, sekuru," anatero. Anatenga chimkuzamawu chija iwowo, n'kuchiyang'ana uku ndi uku mpaka wapolisi anawaonetsa podina. Mawu awo anamveka munda wonse. "Mkamwini, ndabwera kuchokera kutali, ndipo kumudzi akandifunsa. Ku Heathrowko, m'ndegemo, mumagwira ntchito yanji?"

Ndege inadutsa, misozi ya Tafi ikuyenda chopingasa kupita kukhutu.

"Sitinamve," anatero Tete. "Tidikira. Mafuta alipo."

Kandege kanapita kumpanda, kanadutsa shedi, kanadutsa geti, n'kubweranso ndi Kaputeni wake.

"Zimbudzi, Tete."