Anyezi wa Folo Koloko

Ine ndinapeka njira yotumizirana mauthenga achinsinsi yoti ngakhale akazitape sangaitulukire. Inkayenda bwino kwambiri, mpaka tsiku limene munthu wina anafunadi anyezi.

Nditasiya koleji (sindinalephere, ine ndi aphunzitsi tinangosiyana maganizo), ndinkathandiza achemwali kugulitsa masamba mu Msika wa Lilongwe. Chibwenzi changa, Tawonga, ankakhala kwa azakhali ake, mayi Gondwe, ku Area 12. Mayiwa ankafufuza foni yake tsiku ndi tsiku, ndipo analumbira kuti akadzangopezamo mwamuna, Tawonga akwera basi yobwerera ku Rumphi.

Ndiye ndinakhazikitsa malamulo. Mufoni mwake ine ndinali "Wamasamba". Akalemba kabichi, ndiye kuti usayerekeze kubwera. Akalemba anyezi, bwera, pakhomo palibe anthu. Kuchuluka kwa milu ndiyo nthawi yake.

Loweruka lina uthenga unalowa: "Anyezi milu inayi." Ndinasamba, n'kuvala jekete yomwe achimwene anakwatira nayo, n'kudzithira perefyumu wobwereka. Folo koloko ndili pageti, chimanjamanja.

Anatsegula ndi mayi Gondwe.

"Ndinu wamasamba uja?" Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Nambala yanu ndaipeza mufoni ya mwanayu, n'kukulemberani pomwepo. Anyezi wanga ali kuti?"

Kumbuyo kwawo Tawonga anali atagwira tsache, maso atatong'ola.

"Madamu, kampani yathu imayamba yadzaona kaye malo," ndinatero, nkhope ili gwa.

"Mu jekete? Dzuwa lonseli?"

"Ndi yunifomu."

"Chabwino bambo a yunifomu, ndili ndi alendo. Thamangani."

Ndinathamangadi (jeketeyo sinasokedwere zimenezo). Kumsika kunali kutali, choncho ndinakagula kwa mayi wina wa m'mbali mwa msewu, pamtengo wa anthu a magalimoto. Mayi Gondwe anamufinya anyeziyo mmodzimmodzi, n'kunena kuti ndi wonyozeka, n'kundilipira mtengo wa kumsika.

Anzanga amandiseka mpaka lero. Asekeni. Chinsinsi chinaululika? Tawonga anakwera basi? Ayi ndithu. Malamulo anga sindinasinthe ngakhale limodzi. Kungoti masiku ano uthenga ukalowa sindidziwa kuti walemba ndani, ndiye ndimanyamuliratu anyezi ngakhale popita kukacheza zachikondi. Jeketenso ndimavala, chifukwa tsiku lina nditaisiya madamu anafunsa ngati kampani yagwa.

Nanga ndi kazitape uti padziko pano amene anakumanapo ndi mdani pageti, maso ndi maso, n'kungoluza K1,800 basi?